Mbuzi za Ndolo Yabuluu

"Ine ndafunsa funso limodzi lokha," anatero Kalipentala atatsekereza khomo ndi thupi lake lonse. "N'chifukwa chiyani zikufa za ndolo yabuluu zokhazokha?"

Mkazi wake anapitiriza kusita malaya oyera a kuntchito ngati sanamve. Abale a mwamunayo ankamutcha Namagalasi, chifukwa cha magalasi a m'maso komanso ntchito yake ya mu labu ya ziweto, momwe ankaswera tsiku lonse akusuzumira m'timachubu. Ndolozo zinali timapulasitiki tomwe a ku labuko anaboolera m'makutu mwa mbuzi za m'deralo tsiku la katemera. Makola ena anaika tofiira, ena tachikasu, ena tabuluu.

"Matenda sayang'ana mtundu wa ndolo," anayankha osadzutsa mutu.

"Sayang'ana? Za abambo zafa zitatu, zonse zabuluu. Za mayi wa matimati kutsidya kwa msewu zafa ziwiri, zabuluu. Za aphunzitsi n'zachikasu, zimadya dambo limodzi ndi zathu, zimamwa madzi amodzi, koma palibe ngakhale imodzi yayetsemulako. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma thabwa lopindika ndimaliona ndisanaikepo chingwe."

"Patukani, galimoto indisiya."

"Ikusiyeni. Ndipo simbiyo ikupsereza malaya."

Namagalasi ananyamula simbi msangamsanga, koma pathumba la malayawo panali patapsa kale. Anaiika pambali n'kukhala pansi. Pazenera ankaona apongozi ake, bambo a mwamuna wakeyo, atagwada m'khola akupukuta mamina a mbuzi ndi kansanza. Mbuziyo inaima chotang'adza, khosi litasololoka, ikutsokomola ngati nkhalamba ya fodya.

"Tsekani chitseko," anatero motsitsa mawu.

Kalipentala anatseka, koma sanakhale.

"Katemera uja ali ndi zinthu ziwiri. China ndi tizilombo ta chibayo cha mbuzi, tophedwa kale, toti thupi litione n'kuphunzira kulimbana nato. Koma tikakhala tokha thupi limangotinyalanyaza ngati munthu wodutsa pamsewu. Ndiye timasakaniza ndi mafuta othandizira. Mafutawo amagwira tizilomboto pamalo amodzi, n'kumaliputa thupi mpaka lidzuke. Kafukufuku wathu ndi wa mafutawo. Zofiira zinalandira katemera wa mafuta akale. Zachikasu zinalandira wa mafuta atsopano amene tikuyesa."

"Nanga zabuluu?"

"Mafuta okhaokha."

"Mwati?"

"Opanda tizilombo. Kuti pakhale poyerekezera."

Kalipentala anaseka, kuseka kouma kopanda mano.

"Ndiye kuti munapaka penti pathabwa lofumbwa. Nanga chotupa chija? Abambo ankayenda khola ndi khola akuonetsa anthu chotupa cha pakhosi pa tonde wawo, amvekere, 'Mwaiona mphamvu ya mankhwala a mpongozi wanga?'"

"Mafuta okha amatupitsa ndithu."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Munadziwa liti kuti khola lathu ndi la mafuta okha?"

"Makola tinagawa mwamaere. Koma mabotolo ndinasakaniza ndine. Ndinadziwa tsiku lomwelo."

"Sabata zisanu ndi imodzi mukuwagwadira m'mawa uliwonse, mwadzuka bwanji bambo, uku mukudziwa?"

"Ndinasaina kuti sindiulula. Komanso chibayo chinali chisanafike kuno kwa zaka zitatu. Ndinkati kafukufukuyo atha popanda chovuta."

"Chabwino. Nanga chikalata chija munatiwerengera pansi pa shedi ya alimi tisanadinde zala? Ine ndinalipo. Za mafuta okha sindinazimve."

Namagalasi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi chala.

"Ndime imeneyo ndinaidumpha. Adokotala anati anthu akaimva athawa."

Mwamunayo anamuyang'ana nthawi yaitali ngati akuona mlendo.

"Kawauzeni abambo."

"Ndipatseni masiku ochepa, ndikalankhule kaye ndi Adokotala."

"Mapanga awiri avumbwitsa, mayi. Ine pakamwa panga sindiwauza, chifukwa si ine ndinawanamiza. Koma musandifunsenso kuti bwanji sindikudya."

Ku labu kunali zii monga mwa masiku onse. Mafiriji ankalira pang'onopang'ono, ndipo pakona makina opukusira mafuta anali atavindikiridwa ndi nsalu. Namagalasi anatulutsa timbale tagalasi momwe anabzala zimene anapala m'mapapo a mbuzi ya mayi wa matimati. Ataika kamodzi pansi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, anaona timadontho tooneka ngati mazira okazinga. Panalibenso chokayikitsa. Anatenga kambaleko n'kukagogoda ku ofesi ya Adokotala, mkulu wa kafukufukuyo.

Adokotala anali munthu wamkulu thupi koma wa mawu ofewa, woti sanakalipirepo munthu. Anasuzumira kambaleko n'kugwedeza mutu.

"Ndi chibayo chenicheni. Zachikasu zadwala zingati?"

"Palibe."

"Zofiira?"

"Ziwiri, koma zikuchira."

"Mwana wanga, ukudziwa chimene wandibweretsera? Zaka zisanu ndi ziwiri ndikusakasaka mafuta amenewa."

"Bwana, zabuluu zikutha. Chikalata chimati matenda akabuka, zabuluu zonse zilandire katemera weniweni nthawi yomweyo. Ali m'firiji yachiwiri, mabotolo makumi anayi. Ndinasakaniza ndekha."

"Khala pansi." Anamukankhira mpando. "Katemera wakale uja, kukangotentha pang'ono mafuta amalekana, amasanduka madzi achabe. Magetsi akazima tsiku limodzi, timataya. Kumene kulibe firiji sikufika katemera, ndipo kumeneko n'kumene kuli mbuzi za amphawi. Mafuta atsopanowa amapirira kutentha. Koma amene amavomereza mankhwala sangandimvere pakamwa, amafuna manambala. Ndikatemera zabuluu lero, poyerekezera patha, ndipo adzati matendawo anangodutsa okha. Sabata zitatu zokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Pa sabata zitatu m'makola mudzatsala zingwe."

"Mwina zifa makumi atatu, kuti mawa zipulumuke zikwizikwi. Walira mvula walira matope."

"Mvulayo analira ndi ife, bwana. Matope akuponda ndi iwo, ndiye sitinawafunse."

Adokotala anavula wotchi n'kuiika patebulo, monga ankachitira akatopa.

"Ndime ija anawerenga ndi ndani pansi pa shedi? Ine chilankhulo cha anthu aja ndimachimva moperewera. Ikadzafika nkhani kwa akuluakulu, adzafunsa amene anagwira pepala. Sindikukuopseza. Ndikukutsina khutu ngati mwana wanga."

Namagalasi anatuluka atanyamula kambale kake. Tsiku lonselo anagwira ntchito moyang'anizana ndi firiji yachiwiri. Kiyi wake anali m'thumba lopserera lija, koma ankadziwa kuti botolo lililonse lili ndi nambala, ndipo ngakhale ataba limodzi la khola la kwawo, mayi wa matimati adzamuyang'ana ndi nkhope yotani?

Sabata inatha. M'nyumba munalowa chete woopsa kuposa mkangano. Kalipentala ankalawirira ku shedi yake ya matabwa, ndipo akabwera madzulo ankangosamba n'kukakhala ndi bambo ake kukhola. Mbuzi zinafa zina zitatu. Namagalasi analetsa kudya nyama ya mbuzizo, ndiye ankazikwirira kuseri kwa nthochi, mpaka manja a apongozi anachita matuza.

Loweruka masana apongozi anamuitana.

"Mayi, tabwerani mudzaone iyi."

Unali mkota wawo wakuda, wa bere lalikulu, umene unkabereka mapasa chaka chilichonse. Unagona chammbali, nthiti zikukwera ndi kutsika. Namagalasi anagwada, anaugwira pachifuwa, ndipo mbuziyo inabuula.

"Anthu ayamba kulankhula," anatero mkuluyo akusisita khutu la mbuziyo. "Dzulo mayi wa matimati wandiimika pamsewu, akuti ndinawagulitsa. Akuti ndine ndinayenda khomo ndi khomo kuwakopa. Ndamuyankha kuti, mayi, mankhwala aja anasakaniza ndi mpongozi wanga ndi manja ake. Ngati alephera, ndiye kuti matendawa ndi achilendo. Mwana uja sanganamize munthu. Sindinayankhe bwino?"

Kalipentala, amene ankakonza chitseko cha khola, anasiya kukhoma. Sanatembenuke, koma hamala inaima m'mwamba.

Namagalasi anasendera chogwada mpaka anayang'anizana ndi mkuluyo.

"Bambo, simunayankhe bwino. Ndinakunamizani."

Anawafotokozera zonse: za tizilombo tophedwa ndi mafuta, za maere, za ndime imene anaidumpha, za mabotolo makumi anayi a m'firiji. Mkuluyo anamvetsera osamudula. Dzanja lawo linali likadali pakhutu la mbuzi, chala chikuseweretsa ndolo yabuluu.

"Mukanatiuza, mukuganiza kuti tikanakana?" anafunsa pamapeto pake.

"Adokotala anati muthawa."

"Sindikufunsa Adokotala. Ndikufunsa inu amene mumamwa madzi a pakhomo pano."

"Sindikudziwa, bambo."

"Ine ndikanavomera. Ndikanati, chabwino, zanga ndi zoyerekezera. Koma nditangomva kuti kutsidya kwayamba chifuwa, ndikanazitsekera m'khola n'kumazimwetera udzu. Sindikanazitumiza kudambo. Ndinazitumiza chifukwa ndinkati zavala chishango. Mwaona chimene munandilanda? Si mankhwala ayi. Munandilanda nzeru zanga zomwe."

"Pepani, bambo."

"Madzi akatayika saoleka. Akanakhala wakunja, bwenzi pano ndikunola mawu oti ndikamulase nawo. Koma khoswe wa pamkhate sapheka." Anadzuka movutikira atagwira bondo, n'kutembenukira kwa Kalipentala. "Mwana wanga, katenge khasu. Iyi sifika mawa."

Kuyambira tsiku limenelo mkuluyo sanayankhenso moni wa mpongozi wawo. Madzi osamba amene ankawaikira ankazizira m'bafa osakhudzidwa.

Lachitatu linali tsiku lotenga magazi. Galimoto ya ku labu inaima pafupi ndi shedi yomwe alimi ankasonkhanirapo, ndipo anthu anabwera ndi mbuzi zawo pazingwe. A zachikasu ndi zofiira ankakoka magulu, a zabuluu ena anabwera ndi ziwiri, ena chimanjamanja. Adokotala anaima patsogolo ndi chipewa chawo cha dzuwa, Namagalasi pambali pawo kuti azimasulira.

"Auze kuti tikumva nawo chisoni, ndipo tikufufuza chimene chachitika," anatero Adokotala.

Namagalasi anayang'ana anthuwo. Mayi wa matimati anali kutsogolo, manja m'chiuno. Aphunzitsi anali atakhala pa njerwa. Kumbuyo kwenikweni, atatsamira mzati, kunali apongozi ake, maso ali pansi.

"Adokotala akuti akumva nanu chisoni," anayamba. "Mawu otsalawa ndi anga. Tsiku lija ndinakuwerengerani chikalata, ndinadumpha ndime imodzi. Mbuzi za ndolo yabuluu sizinalandire katemera. Zinalandira mafuta okha. Chikalata chomwecho chimati matenda akabuka zilandire katemera weniweni msanga. Katemerayo alipo, ali m'firiji, ndipo wakhalamo masiku onse amene mwakhala mukukumba maenje."

Phokoso linaphulika ngati mvula pamalata.

"Ukuwauza chiyani?" anafunsa Adokotala atamugwira pamkono, ngakhale nkhope yawo inkaonetsa kuti amva.

"Ndime ija, bwana."

Mayi wa matimati anafika pafupi mpaka mpweya wake unachita nthunzi pamagalasi.

"Iwe! Ndinakufunsa ndi pakamwa pangapa kuti chotupachi n'chiyani, unati ndi mankhwala akugwira ntchito. Unandiyang'ana m'maso!"

"Ndinatero, mayi."

"Ndiye lero ukufuna tikuombere m'manja? Chilungamo chobwera mbuzi zitaola n'cha ntchito yanji?"

Aphunzitsi anaimirira n'kukweza dzanja.

"Zanga zili moyo, koma si chifukwa cha nzeru zanga, ndi maere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine lero magazi a mbuzi zanga simutenga. Ndipo chikalatacho mutisiyire, tiwerenge tokha."

Mmodzimmodzi anthu anayamba kukoka zingwe zawo. Adokotala anayesa kulankhula m'chilankhulo cha anthuwo, mawu akuthyokathyoka, za mbuzi zikwizikwi za kumadera opanda firiji, koma palibe anatembenuka. Timachubu ta magazi tinabwerera ku labu topanda kanthu.

Galimoto inaima pachipata cha labu.

"Mafuta aja ndi abwino," anatero Adokotala potsika. "Iweyo ukudziwa kuti ndi abwino. Tsopano adikira zaka zina zingati, ndipo zifa zingati podikirapo? Zimenezo udzaziwerenge wekha."

Mawu amenewo anamulasa kuposa a mayi wa matimati, chifukwa sanali abodza.

Aphunzitsi analemba kalata kwa akuluakulu oyang'anira kafukufuku, anthu n'kudinda zala. Patapita masiku asanu ndi anayi yankho linabwera pawiri. Loyamba linali lakuti kafukufuku aime ndipo zabuluu zonse zotsala zilandire katemera weniweni. Lachiwiri inali envulopu ya Namagalasi: aime kaye ntchito mpaka nkhani ya ndime yodumphidwa itafufuzidwa, ndipo apereke makiyi onse. Akuluakuluwo anawasiya Adokotala pampando wawo kuti amalize kulemba lipoti.

Kalipentala anawerenga kalatayo kawiri, milomo ikuyenda.

"Ndiye wamkulu amusiya, wamng'ono amukankha?"

"Pepala ndinagwira ndine."

Mwamunayo anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa wailesi. Kenako anakokera mbale pafupi n'kuyamba kudya, ulendo woyamba pa sabata zitatu.

Tsiku la katemera weniweni linafika kukutentha. Namagalasi anapita ku shedi atavala diresi wamba, n'kuima patali pansi pa mtengo. Adokotala anabwera okha ndi dalaivala, anatsitsa bokosi la ayezi, anayala majakisoni patebulo. Dalaivala analiza hutala katatu.

Palibe anabwera.

Ola linatha, lachiwiri linatha. Anthu ankadutsa pamsewu, kuyang'ana, n'kupitirira. Wina pa njinga anakuwa kuti, "Lero mwabweretsa mafuta ophikira kapena a nyale?" Anzake anaseka. M'makola a kuseri kwa nyumba munkamveka chifuwa, ndipo Namagalasi ankadziwa kuti m'makola omwewo zilipo zambiri zimene zinali zisanadwale, zoti katemerayu akanazipulumutsa. Ayezi m'bokosi anayamba kusungunuka, madzi akudontha pafumbi.

Dzuwa litafika pamutu, kunatulukira mkulu wina akukoka mbuzi zitatu, mwana wake akuzikusa pambuyo. Anali apongozi. Pa mbuzi khumi ndi ziwiri zimene anali nazo, zimenezi n'zimene zinatsala. Anadutsa pafupi ndi mtengo osamuyang'ana mpongozi wawo, n'kukaima patebulo.

Adokotala anadzuka msanga, anakoka mankhwala oyera ngati mkaka m'jakisoni.

"Zikomo, bambo, zikomo kwambiri. Gwirani khosi."

"Imani kaye. M'botolomo muli chiyani?"

"Katemera weniweni. Tizilombo ndi mafuta omwe."

"Ndi maso sindingasiyanitse ndi lija. Inu mbuzi zanga simuzigwira. Apatseni awo." Analoza ndi chibwano kumtengo.

"Amenewo ndi oimitsidwa ntchito, bambo. Lamulo silikulola."

"Ndiye ndibwerere nazo."

Adokotala anayang'ana bokosi lodzaza, anayang'ana msewu wopanda munthu. Kenako anatambasula dzanja, jakisoni ili pachikhatho.

Namagalasi anachoka pamtengo n'kufika patebulo. Anatenga botolo, anawerenga nambala yake kawiri, anazindikira zolemba za dzanja lake lomwe.

"Ndi weniweni, bambo. Koma mphamvu yake iyamba pakatha sabata ziwiri. Mpaka pamenepo zisapite kudambo. Ndipo ngati ina yatenga kale matenda, katemerayu saichiza."

"Mwaona? Mawu ochepa ngati amenewo ndi amene ankakuvutani."

Anagwada pafumbi. Kalipentala anamugwirira mbuzi ndi mawondo. Atabaya yachitatu anadzutsa mutu.

"Bambo, ndiye kuti mwandikhululukira?"

Mkuluyo anakulunga zingwe kudzanja mosafulumira.

"Ayi. Nonse awiri munandinamiza. Kungoti inuyo ndikudziwa kumene mumagona."

Anakoka mbuzi zawo kubwerera kumsewu. Namagalasi anatsala chogwada, jakisoni m'manja, ndipo dalaivala anafunsa ngati alizenso hutala.